Oipa akapambana: mugule iti mwa nkhani zisanu izi za Marvel ndi DC?

Makomiki ambiri a ngwazi za ku America amayenda njira imodzi. Mdani abwera, aopseza mzinda, ngwazi zimugonjetsa asanafike n'komwe pampando. Koma pakapita zaka zingapo, Marvel kapena DC, makampani awiri akuluakulu a makomiki amenewa, imatulutsa nkhani yaikulu yolumikiza mabuku ake ambiri nthawi imodzi, ndipo m'nkhani imeneyo mdani uja amafikadi pampando n'kukhalapo. Ngwazi zina zimabisala, zina zimaphedwa, zina zimayamba kugwirira ntchito wolamulira watsopanoyo. Nkhani zotere ndimazikonda kwambiri, chifukwa ndi mmene zimaonekera ngati munthu wovala chizindikiro pachifuwa uja angapitirize kuchita chilungamo atasowa womuombera m'manja.

Kugula nkhani zimenezi n'kosokoneza, ndipo wosachenjera ndalama zimamuthera pa timabuku tosafunika. Pano ndaika pambali zisanu: Age of Apocalypse ya 1995, Final Crisis ya 2008, Forever Evil ya 2013, Secret Wars ya 2015 ndi Secret Empire ya 2017. Zonse zinalembedwa m'Chingerezi. Ndiulula chiyambi cha iliyonse, koma mapeto ndiyesetsa kuwabisa.

## Zoyenera kuyang'ana musanatulutse ndalama

Mtengo. Nkhani yotere imakhala ndi timabuku tapakati, kawirikawiri 7 mpaka 10, tokhala ndi dzina la nkhaniyo. Pambali pake pamatuluka timabuku tina tambirimbiri tosimba zimene zinkachitikira ngwazi iliyonse pa nthawi yomweyo. Ndalama yolembedwa kuchikuto ndi ya nkhani yapakati yokha. Chimene muyenera kuwerengetsa ndi nkhani yapakatiyo kuphatikiza timabuku tam'mbali timene simungamvetse nkhani popanda ito. Mitengo imene nditchule ndi ya madola a ku America, monga amalembera kuchikuto, osawerengera zotumizira ndi msonkho.

Kupezeka. Pali buku la pepala, palinso lowerengera pa foni kapena tabuleti. Marvel Unlimited ndi njira yolipira pamwezi, pafupifupi madola 10, ndipo mumawerenga makomiki akale a Marvel mmene mungathere. DC ili ndi yake yotchedwa DC Universe Infinite, imene inayamba ku United States mu 2021 n'kufika ku Canada, Australia ndi Britain chaka chotsatira, koma sinatsegulidwe m'mayiko onse, choncho yambani mwaona ngati ikulola dziko limene muli. Amene ankagula pa Comixology adziwe kuti pulogalamu yake inatsekedwa mu Disembala 2023 ndipo zonse zinasamukira ku Kindle. Njira zonsezi zimafuna khadi lotha kulipira ndalama zakunja. Amene ali ku London kapena ku Johannesburg angathe kulowa m'sitolo ya makomiki n'kuligwira buku asanagule. Amene ali ku Lilongwe, Chipata kapena Tete nthawi zambiri amadalira kuitanitsa kapena kutuma wachibale amene akubwera, ndipo pamenepo kulemera kwa buku kumakhala nkhani yaikulu.

Kusamalira. Apa pali ziwiri. Choyamba ndi ntchito ya m'mutu: muyenera kudziwiratu zingati musanayambe, nanga mutsatire dongosolo lotani powerenga? Chachiwiri ndi buku lenilenilo. Pepala losalala la makomiki silimvana ndi chinyezi. Nyengo ya dzinja masamba amamatana n'kuchita chuku, ndipo buku losiyidwa m'katoni pansi chiswe sichichedwa kulipeza.

Chiopsezo. N'chiyani chingakukhumudwitseni mutalipira kale? Ine muyezo wanga waukulu ndi uwu: kodi nkhaniyo ikulola oipa kulamuliradi, mpaka tione mmene mphunzitsi, wapolisi ndi mwana wasukulu akukhalira pansi pa ulamulirowo? Kapena chigonjetsocho ndi khomo chabe lolowera ku nkhonya za pamapeto? Nkhani zisanuzi zimasiyana kwambiri pa mfundo imeneyi.

## Age of Apocalypse (Marvel, 1995)

Legion, mwana wa Charles Xavier amene anayambitsa gulu la ngwazi la X-Men, akubwerera m'mbuyo zaka 20 kuti akaphe Magneto asanakhale mdani wa bambo ake. Xavier akudziponya kutsogolo kuteteza mnzakeyo ndipo amene akufa ndi Xavier yemweyo. Popanda Xavier, Apocalypse akudzuka msanga n'kulanda North America yonse, pomwe lamulo lake n'lakuti wamphamvu yekha ndiye ayenera kukhala ndi moyo. Magneto ndi amene akuyambitsa gulu la X-Men, m'dzina la mnzake womwalirayo.

Chimene Marvel inachita apa chinali cholimba mtima. Inaimitsa mabuku onse a X-Men kwa miyezi 4 n'kuikapo ena a mayina atsopano: Astonishing X-Men, Amazing X-Men, Weapon X, Factor X, Generation Next, X-Calibre, X-Man ndi Gambit and the X-Ternals. Chifukwa cha malo ambiri chonchi, dziko logonjetsedwalo timaliona mbali zonse. Cyclops akugwira ntchito m'ndende za Mister Sinister. Beast ndi dokotala wankhanza woyesera mankhwala pa akaidi. Sabretooth, amene timamudziwa ngati chilombo, ndi ngwazi yolera mtsikana wotchedwa Blink. Anthu wamba athawira ku Europe, kumene atsogoleri awo akukonza zoponya mabomba a nyukiliya ngakhale kuti abale awo ambiri akadali ku America. Pa zonsezi, Generation Next ya Scott Lobdell ndi Chris Bachalo ndi imene imakhala mumtima nthawi yaitali. Colossus akutsogolera ana asukulu ake kukapulumutsa mlongo wake ku fakitale ya akapolo, ndipo zimene akusankha kumapeto zimapweteka.

Mtengo: woboola m'thumba. Palibe nkhani yapakati yoti mugule yokha. Pali X-Men: Alpha koyambira, X-Men: Omega kothera, ndipo pakati pali timabuku tonse tija, pafupifupi 40 tikaphatikiza. Omnibus yake, buku limodzi lalikulu losonkhanitsa zonsezi, ili ndi masamba oposa 1,000 ndipo imadutsa madola 100. Mabuku 3 a chikuto chofewa otchedwa Alpha, Reign ndi Omega, pamodzi, safika patali ndi ndalama yomweyo.

Kupezeka: yonse ili pa Marvel Unlimited. Ya pepala imasindikizidwa, kutha, n'kudzasindikizidwanso patapita zaka, ndipo ikasowa ogulitsa akale amakweza mtengo.

Kusamalira: simufunika kudziwa mbiri yaitali, chifukwa dziko lake ndi latsopano, ngakhale kuti kukoma kwake kumachuluka ngati mukuwadziwa kale a X-Men. Ntchito ili pa dongosolo: werengani kabuku koyamba ka gulu lililonse, kenako kachiwiri ka gulu lililonse, osati kumaliza gulu limodzi kaye. Omnibus ndi yolemera moti msana wake umafooka mukamaiimika osaichirikiza. Ndi bwino kuigoneka.

Chiopsezo: pali mabuku 4 akale otchedwa The Complete Age of Apocalypse Epic. Loyamba mwa amenewa lilibe chiyambi chenicheni. Muli nkhani zowonjezera, zina zolembedwa patapita zaka, ndipo X-Men: Alpha ili m'buku lachiwiri. Ambiri agwa m'mbuna imeneyi. Chinanso, olemba ndi ojambula ndi ambiri, kotero ubwino wake ndi wokwera n'kutsika, ndipo kajambulidwe ka m'zaka za m'ma 1990, ka minofu yotupa ndi mfuti zazikulu, si aliyense amakakonda.

## Final Crisis (DC, 2008)

Iyi DC inaitsatsa monga tsiku limene choipa chinapambana, ndipo pa zisanu zonsezi ndi imene imandichititsa mantha enieni. Analemba ndi Grant Morrison. Anayamba kujambula ndi J.G. Jones, kenako Carlos Pacheco ndi Doug Mahnke anathandiza kumaliza. Darkseid, mulungu woipa amene Jack Kirby anamupanga mu 1970, sakubwera ndi zombo za nkhondo. Iye ndi anzake akubisala m'matupi a anthu, ndipo Darkseid mwiniyo akulowa m'thupi la wapolisi wokalamba, Dan Turpin, amene akulimbana naye m'kati mwa mutu wake mpaka mphamvu zitamuthera. Chida chake ndi Anti-Life Equation, masamu otsimikizira munthu kuti moyo ulibe tanthauzo ndipo chatsala n'kumvera basi. Akuwatumiza pa imelo, pa wailesi, pa kanema, pa foni iliyonse nthawi imodzi.

Chimene chimandigwira mtima n'chakuti anthu ogonjawo akumva kupepukidwa. Sakufunikanso kusankha chilichonse, sakudziimbanso mlandu. Ovala zipewa zachitsulo otchedwa Justifiers amasaka anansi awo ali ndi mtendere mumtima. Martian Manhunter akuphedwa m'kabuku koyamba komwe, mwachangu, popanda ulemu uliwonse. Wonder Woman akusanduka mtsogoleri wa alenje a Darkseid. Otsala akusindikiza nyuzipepala pa makina akale chifukwa chilichonse cholumikizidwa ku intaneti chaipitsidwa. Nkhani yolembedwa mu 2008, mafoni amakono asanafalikire, inaona patali.

Mtengo: wotsika ngati mwagula buku loyenera. Timabuku tapakati ndi 7, ndipo buku limodzi la chikuto chofewa, la madola pafupifupi 20 kapena kuposerapo pang'ono, limakwana.

Kupezeka: DC imaisindikiza kawirikawiri, ndipo ili pa Kindle ndi pa DC Universe Infinite. Onetsetsani kuti buku lanu lili ndi Superman Beyond, timabuku 2, komanso Submit. Losindikizidwa mu 2014 linawonjezeranso Batman 682 ndi 683, zimene zimasonyeza zomwe zinkamuchitikira Batman ali m'manja mwa adani.

Kusamalira: apa ndi pamene pali ntchito. Morrison akulemba ngati mukudziwa kale milungu ya Kirby, mbiri ya Flash, ndi nkhani ya mayiko 52 a DC ndi owayang'anira otchedwa Monitors. Amadumpha zochitika zimene wolemba wina akanazipatsa masamba 10. Kumapeto nthawi yeniyeniyo ikusweka, ndipo masamba akusweka nayo limodzi. Ndi buku lofuna kuliwerenga kawiri, kachiwiriko mofatsa. Ubwino wake, kuwerenga kwachiwiri sikufuna ndalama ina.

Chiopsezo: mukagula timabuku 7 tokha popanda Superman Beyond, mdani wotchedwa Mandrakk adzatulukira kumapeto inu osadziwa kuti ndani ndipo wachokera kuti, zili ngati kufika pabwalo la milandu amfumu akugamula kale. Chachiwiri, musataye ndalama pa Countdown to Final Crisis kapena Death of the New Gods poganiza kuti ndi mawu oyamba. Mayina akunamiza, zimene zili mmenemo zimatsutsana ndi nkhani ya Morrison m'malo angapo. Legion of 3 Worlds ya Geoff Johns ndi George Pérez ndi yokoma payokha, koma siofunika kuti mumvetse izi. Ndipo ndinene mosabisa: alipo owerenga ambiri okonda makomiki amene analimaliza bukuli atakwiya. Ngati mumafuna nkhani yoyenda molunjika, mkwiyo umenewo ungakugwereni inunso.

## Forever Evil (DC, 2013 mpaka 2014)

Geoff Johns ndi David Finch, timabuku 7. Crime Syndicate, omwe ndi Justice League (gulu la ngwazi zazikulu za DC) yoipa yochokera ku dziko lina lotchedwa Earth-3, akulengeza kuti ngwazi zafa. Ultraman, Superman wawo woipa, amapeza mphamvu ku kryptonite, mwala umene umafooketsa Superman weniweni, ndipo dzuwa limamufooketsa, choncho akukankha mwezi kuti uphimbe dzuwa. Magetsi azimitsidwa, ndende zatsegulidwa, Nightwing wavulidwa chophimba kumaso pa kanema dziko lonse likuona. Amene akudzuka kudzamenyana nawo ndi Lex Luthor, pamodzi ndi Captain Cold, Black Manta, Black Adam ndi Sinestro. Mtima wa nkhaniyi ndi ubale wa Luthor ndi Bizarro, cholengedwa chake chosamalizidwa chimene chimamukonda ngati bambo.

Mtengo: wotsikitsitsa pa zisanuzi. Buku limodzi, madola osakwana kapena ongofika 20.

Kupezeka: mosavuta, pa pepala ndi pa foni. Ndi lopepuka, wachibale angaliike m'chikwama osadandaula.

Kusamalira: pang'ono. Imatsatira nkhani ya Trinity War, koma masamba oyamba amakufotokozerani zokwanira. Pa timabuku tam'mbali, Rogues Rebellion ndi yoyenera ndalama yake: mbava za ku Central City zikukana kuwononga mzinda wawo chifukwa zili ndi malamulo awoawo, oletsa kupha mwachisawawa.

Chiopsezo: ulamuliro wa oipa ndi wa masiku ochepa, ndipo anthu wamba sitiwaona kwenikweni. Ndi nkhani ya Luthor kusiyana ndi nkhani ya dziko logonjetsedwa. Tsamba lomaliza limatsegula nkhani ina, Darkseid War, ndipo mtima ungakukokereni kogulanso.

## Secret Wars (Marvel, 2015)

Jonathan Hickman ndi Esad Ribić, timabuku 9. Mayiko onse a Marvel awombana n'kutha. Doctor Doom watola zidutswa zotsala n'kupanga dziko limodzi, Battleworld, kumene iye ndi mulungu. Apolisi ake ndi gulu la a Thor, nduna yake yaikulu ndi Doctor Strange, ndipo banja la Reed Richards walisandutsa lake. Funso lake ndi lolemera, chifukwa pamene ngwazi zonse zinalephera, amene anapulumutsa anthu ndi Doom. Kodi wopulumutsa ali ndi ufulu wolamulira amene anawapulumutsa? Zojambula za Ribić ndi zokongola kuposa za nkhani zina zonse pano, ndipo Black Panther ali ndi gawo lalikulu kumapeto.

Mtengo: buku lapakati lili pakati pa madola 30 ndi 50, kutengera chikuto. Koma kumbuyo kwake kuli Avengers ya Hickman, timabuku 44, ndi New Avengers, timabuku 33.

Kupezeka: zonse zili pa Marvel Unlimited, ndipo kumeneko n'kumene nkhaniyi imatsika mtengo. Pa pepala samalani dzina: pali Secret Wars ina ya 1984 ya Jim Shooter ndi Mike Zeck, ya timabuku 12, yosiyana kotheratu.

Kusamalira: timabuku tam'mbali ta Battleworld ndi tambirimbiri koma pafupifupi tonse mungatisiye. Chofunika ndi za kumbuyo zija. Ngati simungathe zonse, werengani New Avengers yokha.

Chiopsezo: kabuku koyamba ndi mapeto a nkhani ya zaka 3, ndipo wobwera kumene amasokonezeka. Komanso Battleworld si dziko lathu lolandidwa. Ndi dziko la nthano la mafumu ndi malinga, kotero mantha oona mudzi wako ukusintha mulibemo.

## Secret Empire (Marvel, 2017)

Mu Meyi 2016, tsamba lomaliza la Captain America: Steve Rogers 1 linaonetsa Captain America akulankhula mawu a malonje a Hydra, gulu la zigawenga limene wakhala akulimbana nalo. Kobik, Cosmic Cube (chida chotha kusintha chilichonse) imene inasanduka kamtsikana, anasintha mbiri ya moyo wake atanamizidwa ndi Red Skull, kotero kuti Steve anakula akukhulupirira Hydra kuyambira ali mwana. Nick Spencer anamanga nkhaniyi kwa chaka chathunthu isanaphulike.

Mphamvu ya Secret Empire ili pa mmene ulamuliro ukulandidwira. Steve sakuthyola chitseko. Amupatsa okha udindo woyang'anira bungwe la chitetezo la S.H.I.E.L.D., amupatsanso mphamvu zapadera za nthawi ya ngozi kudzera m'lamulo, chifukwa aliyense amamukhulupirira. Ngoziyo anaikonza ndi iye yemwe. Captain Marvel ndi anzake atsekeredwa kunja kwa dziko ndi chishango chimene chinamangidwa kuti chititeteze, Manhattan yaphimbidwa ndi mdima, ndipo kukacha Hydra ikulamulira United States. Kusukulu ana akuphunzitsidwa mbiri yosinthidwa. A Inhumans, mtundu wa anthu okhala ndi mphamvu zachilendo, akutsekeredwa m'misasa. Rick Jones akuphedwa pa chigamulo cha Steve, mnzake wakale, ndipo Las Vegas ikuphwasulidwa. Anthu ambiri akungopitiriza kupita kuntchito. Pa muyezo wanga uja, nkhaniyi ikhoza bwino kwambiri: imasonyeza mmene anthu abwinobwino amazolowerera zoipa akauzidwa kuti n'zofuna chitetezo chawo. Ndimakondanso mmene T'Challa akukanira kupereka chidutswa cha Cube chimene chili ku Wakanda, pamene Namor akupereka chake kuti apulumutse anthu ake.

Mtengo: wapakati. Timabuku ndi kuyambira 0 mpaka 10, kuphatikizapo Omega, ndipo buku losonkhanitsa lili pakati pa madola 30 ndi 50. Kumbuyo kwake kuli Avengers: Standoff ndi mabuku awiri a Spencer, wina wa Steve Rogers, wina wa Sam Wilson.

Kupezeka: yonse ili pa Marvel Unlimited. Ya pepala siisindikizidwa kawirikawiri ngati Secret Wars.

Kusamalira: mungayambire pa 0 n'kumvetsa, koma kupweteka kwa chinyengocho kumamveka bwino mukawerenga buku la Steve Rogers, timabuku 19, mukumuona akunamiza anzake mmodzimmodzi. Ojambula akusinthana, Steve McNiven, Andrea Sorrentino, Leinil Francis Yu, Daniel Acuña ndi Rod Reis, ndipo masitayilo awo ndi osiyana moti maso amafuna kuzolowera.

Chiopsezo: nkhaniyi inakwiyitsa anthu ambiri, ndipo mkwiyo wawo unali ndi chifukwa. Captain America anamupanga ndi Joe Simon ndi Jack Kirby, onse Ayuda, ndipo chikuto chake choyamba cha 1941 chikumuonetsa akumenya Hitler. Kumusandutsa mtsogoleri wa gulu lokhala ndi mizu ya chi Nazi kunawapweteka ambiri, mpaka Marvel inatulutsa uthenga wopempha owerenga kuti adekhe aone mapeto. Mapetowo ndi amene ali ofooka. Nkhani imene yafunsa mafunso ovuta chonchi ikuthera pa mphamvu ya Cube, ndipo anthu amene anaombera Hydra m'manja sakuyankha mlandu mokwanira. Pakati pakenso, ulendo wosaka zidutswa za Cube ukutalika kuposa mmene unayenera.

## Iti ikuyenera ndani

Ngati simunawerengepo nkhani yotere ndipo ndalama ikukwana buku limodzi, gulani Forever Evil. Mudzaimvetsa tsiku lomwelo, ndipo mudzadziwa ngati mtundu umenewu wa nkhani ukukukomerani musanalowe m'zodula.

Ngati ndalama ikukwana buku limodzi lomwelo koma mumakonda kubwereza buku mpaka litakutsegukirani, tengani Final Crisis yokhala ndi Superman Beyond mkati. Kwa munthu amene mabuku amamupeza mwa apo ndi apo, ili ndi limene lingamukhalitse nthawi yaitali, ndipo ndi limene ine ndingasankhe.

Ngati muli ndi tabuleti, khadi lolipirira ndi intaneti yodalirika, lipirani Marvel Unlimited mwezi umodzi kapena iwiri n'kuwerenga Age of Apocalypse yonse. Ndalama yake ndi kachigawo kakang'ono ka mtengo wa omnibus. Tsitsani timabuku mukakhala pa Wi-Fi, chifukwa masamba a zithunzi amadya bandulo msanga. Pa foni yaing'ono masamba otambasuka mbali ziwiri amavuta kuona. Omnibus ya pepala isiyireni amene ali ndi shelefu youma ndipo sakulipira zotumizira kuchokera kutsidya kwa nyanja.

Ngati chimene chimakukokani ndi ndale, mmene malamulo, mantha ndi kukhulupirira munthu mmodzi zimaperekera dziko m'manja olakwika, Secret Empire ndi yanu, ndipo yambirani pa buku la Steve Rogers. Lowani mukudziwa kuti theka loyamba ndi lamphamvu kuposa lomaliza.

Secret Wars ndi ya amene ali ndi miyezi ingapo yoti awerenge Hickman kuyambira pachiyambi, kapena amene amagula buku chifukwa cha zojambula. Wofuna Doom wolamulira dziko koma alibe nthawi yotere afufuze Emperor Doom ya 1987, ya David Michelinie ndi Bob Hall. Si nkhani yolumikiza mabuku ambiri, ndi kabuku kamodzi kochepa, momwe Doom akugwiritsa ntchito mphamvu ya Purple Man kulamulira maganizo a anthu onse, n'kuthetsa nkhondo ndi njala, ndipo a Avengers ayenera kusankha ngati n'koyenera kumuchotsa.

Ngati mukugulira mwana wosafika zaka 13, dikirani kaye. Zisanu zonsezi zili ndi kuphana koonekera, misasa ya akaidi kapena kuzunza anthu, ndipo Final Crisis ndi Age of Apocalypse zili ndi masamba oonetsa ana akuvutika. Kwa wachinyamata wa ku sekondale, Secret Wars ndi imene ili yopepukirapo pa nkhanza, ndipo mungamuthandize pomufotokozera mwachidule za kuwombana kwa mayiko asanatsegule kabuku koyamba.